Buku la Injini ndi Zala Zanga Zakuda

Amene anandilakwira ndi a Gilibati Nakhumwa, aja anali ndi kasitolo ka mabuku pamsika wa m'mbali mwa msewu wopita ku Goliati, ndipo dzina lawo ndikulitchula lonse kuti wina asadzanene kuti ndimawaopa. Anandikaniza kugwira buku chifukwa cha kuda kwa zala zanga, anandilonjeza pamaso pa anthu kuti andisungira mpaka zalazo zitayera, kenaka bukulo analing'amba nkulisandutsa mapepala opichirira fodya. Mpaka lero ndimawaona ataima pakhomo paja, taye ili pakhosi dzuwa likuswa mtengo, tsitsi atalilemba mzere ndi lezala, pambali pawo pali beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe, kuopa kuti ife a kumalayini, kunyumba za antchito a m'minda ya tiyi, tingakabe.

Nyengo imeneyo ndinali kamnyamata kongoyamba kusintha mawu. Sukulu ndinali nditasiyira Sitandade 3, osati chifukwa cha kuuma mutu, ayi, ndinkawerenga kuposa ana a aphunzitsi. Bambo anga anagwa ndi chifuwa, ndipo kapitao wa esiteti anabwera kudzauza amayi kuti nyumba ya kampani siisunga banja lopanda mwamuna m'munda. Mvula yoyamba itagwa, ndinakoleka dengu kumsana. Amene sanathyolepo tiyi amangoona kubiriwira kwa mapiri a ku Thyolo nkumati kukongola. Bwerani m'mamawa mudzalowe m'mizere, mame akufikeni m'chiuno, chisaka chimene mwafunda chikununkha nkhungu, kapitao akukuwa kumbuyo kuti masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, ngati kuti ndife ogontha. Tiyi ali ndi utomoni wake. Umalowa m'ming'alu ya zala ndi kunsi kwa zikhadabo, poyamba wobiriwira, kenaka nkuda bii ngati kunsi kwa mphika, ndipo sopo sauchotsa. Kumalayini tonse tinali otero, moti palibe ankaona chachilendo. Ndinadziwira pakhomo pa a Nakhumwa kuti zala zingachititse munthu manyazi.

Kasitoloko kanali kachipinda kamodzi ka njerwa, kofolera malata adzimbiri. Ukaima pakhomo unkamva fungo la palafini, la mphemvu ndi la mapepala onyowa, koma pansi pa zonsezo panali kafungo kena, ka inki yatsopano, kamene kankandikumbutsa tsiku lotsegulira sukulu. Mabuku atsopano, a nyimbo za kutchalitchi ndi a ana a sukulu, ankakhala m'kabati yagalasi yokhoma. Akale ankawaunjika patebulo. Amenewo ankachokera m'nyumba za azungu a m'maesiteti: mzungu akamabwerera kwawo, makhukhi ndi anyamata a m'maluwa ankatola zotayidwa nkudzagulitsa kwa a Nakhumwa. Munthuyo kale anali kalaliki wa pasikelo, woyeza masamba athu, ndipo ukalalikiwo sunamuchoke m'magazi. Ankafuna kutchedwa Mista. Makolo ake anawoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi limodzi ndi makolo a amayi anga, atasenza mitolo yofanana, koma iye ukamupatsa moni m'Chilomwe ankakuyang'ana ngati walira mbuzi. Ndipo anali ndi lamulo lake: aliyense wofuna kulowa ayambe waonetsa manja pakhomo, kuseri ndi kuno. Aphunzitsi, makalaliki ndi ana awo ankangodutsa. Ife ankatilozera beseni, akudziwa bwino lomwe kuti madzi sachita kanthu, ndipo tikasamba ankayang'ananso, nkupukusa mutu mwachisoni chabodza.

Buku langa ndinaliona ndili panja, kudzera pawindo. Linali lachikuto chofiira chosuluka, lotsegulidwa pakati, ndipo patsambalo panali injini ya galimoto yodulidwa pakati ngati papaya, chilichonse cha m'kati chikuoneka, kachitsulo kalikonse kali ndi muvi ndi dzina lake. Ndinaima pamenepo mpaka mvula inandipeza. Muyenera kumvetsa chifukwa chake. Dalaivala wa lole yonyamula masamba, a Sayimoni, anali atandiuza kuti nyengo yozizira ikafika, masamba akachepa, malole onse amalowa m'galaja kukamasulidwa, ndipo mzungu wa kumeneko amatenga mnyamata mmodzi woti aphunzire sipanala. “Amangotola chitsulo nkufunsa dzina lake pa Chingelezi,” anatero a Sayimoni. “Ukayankha, dengu walitaya mpaka kale. Ine ndimangodziwa kuyendetsa, mphwanga, mainawo usandifunse.” Ndiye bukulo kwa ine silinali la zithunzi zosangalatsa ayi. Linali khomo lotulukira m'mizere ya tiyi.

Loweruka la malipiro ndinapita, msika utadzaza, amayi ogulitsa nthochi ndi zigumu atakhala mpaka pakhonde pa sitolo. Ndinasamba m'beseni muja mosauzidwa, nkutambasula manja. A Nakhumwa anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana mphunzitsi wina amene anali m'katimo kuti adzaone nawo.

“Aphunzitsi, taonani. Akuti akufuna buku la injiniya. Iwe, injini yake iti? Ya dengu?”

Anthu anaseka. Ndinati ndalama ndili nayo, andipatse ndizipita, sindigwira china chilichonse.

“Ndalama si nkhani, mwana iwe. Buku ndi chinthu chaulemu. Ine sindigulitsa buku kuti likadetsedwe kumalayini, mawa mayi ako ayatsire moto. Ubwere zala zitayera, udzalipeza. Ndakusungira. Anthu onsewa ndi mboni.”

Ndikanakhala ndi mwala m'manja tsiku limenelo bwenzi nkhani ino ndikulembera kundende. Koma mawu akuti ndakusungira anandigwira miyendo. Ndinabwerera kwathu ndikutukwana mitengo ya bulugamu m'njira monse.

Dzinja lonse lija ndinalimbana ndi zala zanga ngati ndi mdani. Ndinakhula ndi phulusa, ndi mchenga wa kumtsinje, ndi chitsononkho, ndi mwala uja amayi amakhulira zidendene. Ndinaba mandimu kuseri kwa nyumba ya kalaliki wamkulu nkufinyira m'ming'alu, ululu wake mpaka kuvina. Anzanga akamasewera mpira wansanza madzulo pabwalo la kumalayini, ine ndinali pamjigo, ndipo anandipatsa dzina loti Bwana Sopo. Ndinayesa kukulunga zala ndi nsanza pothyola, koma dzanja lokulunga limachedwa, dengu silidzaza, kapitao anandikwapula ndi kamtengo kake koyezera msinkhu wa tiyi. Zimene ndachotsa madzulo, m'mawa tiyi ankabwezera. Amayi ankandiyang'ana akusenda chinangwa, nkunena kuti, “Ukhula mpaka fupa, ndipo fupalo akakuuza kuti lachita chikasu.” Bambo, ali pamphasa, ankangoti ndidikire chiperoni cha nyengo yozizira, khungu limasintha lokha ntchito yothyola ikatha. Loweruka lililonse ndinkadutsa pawindo paja kukaona ngati chikuto chofiira chilipo. Chinalipo, tsamba lomwe lija, moti maina a patsambalo ndinawaloweza ndili panja. Pisitoni ndinaidziwira pawindo. Koma injini siithera patsamba limodzi.

Kenaka mvula inatha, kunayamba kuzizira. Chiperoni chinatsika m'mapiri, kamvula kosalekeza kaja kamene sikanyowetsa nthaka koma kamalowa m'mafupa, utsi wa kufakitale nkumangokwawa pamwamba pa minda. Anatichotsa kothyola nkutipatsa zikwanje zodulira tiyi. Monga ananenera bambo, khungu lakuda linayamba kusupuka, pansi pake nkutuluka latsopano, lofewa ngati la khanda. Ndinkagona manja ali m'khwapa ngati ndasunga mazira. Malole anayamba kulowa m'galaja. A Sayimoni anati mzungu uja asankha mnyamata sabata ikubwerayo. Loweruka lapitalo bukulo sindinalione pawindo, koma ndinadziuza kuti aliika m'kabati, poti analonjeza.

Tsiku lina tikupuma kodulira, titakhala mozungulira kamoto ka nthambi, kapitao yemwe uja anatulutsa fodya wake wa chingambwe ndi kapepala, nkuyamba kupichira. Anati a Mista masiku ano akugulitsa fodya ndi mapepala abwino, opyapyala, osakhala nyuzipepala yokhakhala ija. Ndinayang'ana kapepalako akukanyambita m'mphepete. Panali muvi. Panali theka la gudumu la mano, ndi zilembo zitatu za dzina limene sindidzalidziwa. Anayatsa, nakoka, injini yanga nkutulukira m'mphuno mwake.

Chikwanje ndinachisiya pomwepo, ndipo ndimayamika Mulungu kuti ndinachisiya. Ndinathamanga osapempha chilolezo, kudutsa m'minda, kudutsa pamlatho, mpaka pamsika. Sindinayambire kukhomo. Ndinazungulira kuseri, kumene ndinali ndisanafikeko, ndipo kumeneko ndinapeza bizinesi yeniyeni ya Mista wathu. Panali kawindo kena kakang'ono, kogulitsirapo fodya kwa anthu omwe aja ankawakaniza kukhomo. Pansi pake, pachiguduli, panakhala mayi wokalamba wa mphini kumaso, atafunda chitenje chong'ambika, mulu wa mabuku akale uli pambali. Ankang'amba tsamba, kulipinda, kulidula ndi mpeni, nkusanja timapepala m'chitini. Chikuto chofiira chinali pansi, chopanda kanthu m'kati, nkhuku itachitirapo chitosi. Anandipatsa moni m'Chilomwe, mwaulemu, nkundifunsa ngati ndikufuna wa fodya. Ndinawafunsa kuti iwo ndani pamenepa. Anati ndi mayi ake a Gilibati, anawatenga kumudzi kuti azithandiza, koma kutsogolo salowako chifukwa kumabwera anthu ophunzira. Anati mabuku osagulidwa mwana wawo amawapatsa kuti adule. Sankadziwa chimene chinali m'bukumo, ndipo sindinawakwiyire. Ndinkangoyang'ana manja awo. Munthu akathyola tiyi zaka zambiri kuda kuja sikuchokanso ngakhale chiperoni chibwere kangati. Zala zimapindika, zikhadabo zimakhala ngati makungwa. Manja a mayi aja anali akuda kuposa a aliyense kumalayini kwathu. Anandiuza okha, monyadira, kuti fizi yonse ya Gilibati inachokera m'dengu.

Za galaja ndinene mwachidule, chifukwa zimandiwawabe. Anatenga mphwake wa kapitao. Mwina akanamutenga ngakhale ndikanaloweza buku lonse, sindine chitsiru, ndikudziwa mmene zinthu zimayendera pa esiteti. Koma ndikanalowa m'galajamo nkuyesedwa ngati munthu, ndikanagwa ndekha. Mpaka lero ndimakweza matumba pa malole a eni, ndipo injini ndimaidziwa ndi khutu basi. Kasitolo kaja kanagwa, pano pamamera chisoso, ndipo sindinamvepo wina akukalira. Chimene nyengo ija inandiphunzitsa si chokoma. Azungu a pa esiteti ankatinyoza, inde, koma iwo sankadziwa nkomwe maina athu. Kunyoza kolasa kunachokera kwa munthu wodziwa bwino kumene utomoni umalowa, amene anakulira pamsana pa mayi wothyola, nkuona kuti njira yokhayo yodzionetsera kuti watuluka m'munda ndi kuima pakhomo nkumabweza anzake. Mabuku sankawakonda munthu uja. Sindikhulupirira kuti anawerengapo ngakhale limodzi mpaka kumapeto. Ankakonda beseni.

Tsiku lija, kuseri kuja, ndinatola chikuto chija nkuzungulira kutsogolo. M'sitolo munali mphunzitsi yemwe uja ndi makalaliki awiri, akucheza. A Nakhumwa atandiona anaimirira nkubwera pakhomo, chala chikuloza kale kubeseni. Beseni ndinalimenya theche, madzi nkuwathira pansapato zawo zopolisha, kasopo kaja nkumalendewera pachingwe chake. Amayi a zigumu anasiya kugulitsa. Ndinaponya chikuto patebulo, nkutambasula manja anga pamaso pawo, kuseri ndi kuno, oyera ngati a mwana wa sukulu.

“Mwachedwa, achimwene,” anatero, ulemu utabwera mwadzidzidzi. “Buku losayenda malonda sitisunga chaka chonse. Bizinesi simuidziwa.”

Ndinawayankha m'Chilomwe, chija amati sachimva, mokweza kuti mawu akafike kuseri, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti amva liwu lililonse.

“A Gilibati, zala zanga zayera, onani. Munati buku ndi chinthu chaulemu, manja akuda asaligwire. Nanga kuseriku mwapatsa ndani kuti aling'ambe? Manja a tiyi mumawalola kugwira buku pokhapokha akamalidula. Pitani mukawatenge mayi anu, muwaimike pakhomo pano, muwauze aonetse manja, anthu onsewa aone amene anakugulirani tayeyo. Mukatero muwalozere beseni, ngati ndinu mwamuna.”