Tsiku Limene Jeneza ya Bambo Inasowa Podutsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira. Tinkakhala ku Chileka, ndipo m'zaka zimenezo anthu a m'tauni anali atayamba kugula minda ya kwathu. Munthu akagula malo ankathamangira kumanga mpanda wa njerwa, osasiya mpata ngakhale wodutsa njinga. Timisewu tatsopano tinkangolowa pang'ono n'kuthera pageti pa munthu.

Ife ndife Asilamu, maliro sitigoneka. Dzuwa litapendeka, titaswali, azibambo ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, pamapewa n'kulowera njira ya kumanda, yomwe bambo ankadzera masiku onse popita kudimba. Ine ndinali pambuyo pa amalume anga, a Jafali, omwe anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Lirangwe.

Tisanapite patali, a kutsogolo anaima. Njira inali itatsekedwa ndi khoma latsopano, pamwamba pake atazikapo mabotolo osweka. Mlonda anasuzumira pageti.

"Pepani, abwana ali ku Joni," anatero. "Ine sindingatsegule."

Tinabwerera ndi mtembo. Tinayesa njira ina, nayonso inakathera pakhoma. Kunkatentha, ndipo ndinkamva azibambo akuwefuka posinthana mapewa. Apa m'pamene ndinalira. Bambo anabadwira m'mudzi momwemo, koma tinkawazungulitsa ngati mlendo wosochera.

Kenako mayi wina wachikhristu, a Nasibeko, ogulitsa masamba pamsika, anatuluka m'nyumba mwawo atatenga chikwanje. Sanafunse munthu. Anadula luzi la mpanda wawo wa udzu n'kuugwetsa.

"Dzerani muno," anatero chapansipansi. "Kuseriku mutulukira kumanda."

Tinadutsa m'dimba mwawo tikuponda mpiru ndi tomato. Fungo la masamba a tomato ophwanyika lija ndimalimvabe mpaka lero. A Nasibeko anagwada pambali atawerama, kufikira munthu womaliza atadutsa.

Pobwerera, amalume anandigwira paphewa. "Mphwanga," anatero, "malo amagulidwa, koma njira ndi ya anthu onse, amoyo ndi akufa omwe."

A Nasibeko anatisiya kalekale. Ana awo anagulitsa malo aja, ndipo pomwe panali dimba pali khoma. Masiku ano ndikafuna kukalimira manda a bambo, ndimakwera kabaza n'kuzungulira kumsewu wa tala, ngakhale mitengo ya kumandako ndimaiona ndili pakhonde. Tsopano ndikumvetsa zomwe amalume ankanena. Nyumba zachuluka kwathu kuno, koma mudzi unatha pamene tinaleka kusiyirana podutsa.