Kabati ya mafayilo ya a Semba

Nditayamba ukalaliki pafakitale ina ku Makata, nthawi ya chipani chimodzi ija, kabati ya mafayilo inkandisowetsa mtendere. A Semba, kalaliki wamkulu wa ku Nsanje, sankatsata zilembo kapena manambala, koma ukangotchula dzina ankasolola fayilo yake osayang'ana n'komwe. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndikonze dongosolo langa labwino, kapena ndiyambe ndamvetsa lawolo?

Sukulu inandipusitsa. Loweruka lina iwo ali kumaliro, ndinasanja dirowa yapamwamba kuyambira A mpaka Z.

Lolemba kunabwera a Yusufu, dalaivala wa lole, kudzafuna kalata yawo ya tchuthi. A Semba anapisa dzanja n'kutulutsa fayilo ya munthu wina. Anapisanso, yolakwikanso. Bwana anali chilili pakhomo, akuonerera.

"Tayesani apa, bambo," ndinatero, ndikuloza pa Y ngati ndangolota.

A Semba anandithokoza, kenaka anandinong'oneza: "Mwanawe, mutuwu wayamba kutha."

Ine ndinangoti, "Pepani."

Anapuma ntchito chaka chomwecho. Mpaka lero ndimafunitsitsa kudziwa kuti mafayilo aja ankawasanja bwanji. Sindinawafunse, poopa kuti nawonso angandifunse amene anandiuza kuti a Yusufu ali pa Y.