A Draho Atalandidwa Kamera

Ine ndimagulitsa masoseji ndi vinyo wotentha pakhomo la bwalo la hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, m'tauni yathu, m'munsi mwa mapiri a Tatra. Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi a Drahoslav Mikuštiak, amene tonse timangowatchula kuti a Draho. Ankafika masewero asanayambe, kamera ili paphewa, n'kudya chiimirire uku akudandaula kuti anyezi ndawamana.

Ali mnyamata ankafuna kukhala wosewera, koma bondo linawakana. Wailesi ya kanema itayamba kuonetsa ligi yathu, inawalemba ntchito yojambula kuseri kwa golo, ndipo anakhala pamenepo mpaka imvi. Kampira ka hoke n'kakang'ono ndipo pa ayezi kamathamanga ngati mphezi, koma kamera yawo sinkakataya.

Ligi inali ikudwala kale. Matimu ena anatha, fakitale imene inkathandiza timu yathu inayamba kuchotsa anthu, ndipo anyamata aluso ankathawira kunja. Kenaka akuluakulu a ligi anagulitsa chilolezo choulutsa masewero kwa kampani ina ya pa intaneti, pamene wailesi yakale inkaumirira kuti mgwirizano wake sunathe. Nkhani inafika kukhoti, ndipo khoti linalamula kuti pasapezeke wojambula mpaka mlandu utagamulidwa. Kamera ya a Draho inabwerera kwa eni ake.

Munthuyo anasowa mtendere. Akazi awo, a Viera, anandiuza kuti kunyumba ankangozungulira zipinda, mpaka anamasula mpope wa kukhitchini umene unalibe vuto lililonse. Kubwalo ankagula tikiti ngati wina aliyense, koma mpando unkawaotcha. Akakhala apa, posachedwa wawaona uko. Mumsewu anthu ankawaimitsa kufunsa kuti masewero abwerera liti pa kanema, ngati kuti mlanduwo ankaweruza ndi iwo. Ankangoti mwina sabata yamawa, ndipo sabatayo ikafika ankawoloka msewu kuti asakumane nawo.

Tsiku lina anapita kukaona azakhali awo kunyumba yosungirako okalamba ya pachitunda. Anapeza madala amene kale ankagwira ntchito kufakitale atandanda patsogolo pa kanema, masikafu a timu ali m'khosi, akuonera mayi wina akuphika supu. Namwino anati Lamlungu lililonse amakhala choncho, poganiza kuti mwina lero aonetsa.

Lamlungu lotsatira a Draho sanadye soseji. Anakaima pamalo awo akale kuseri kwa golo, n'kukanikiza foni pagalasi lotchingira osewera. Anali atagwirizana ndi namwino uja kuti zithunzi zizifikira pa kanema wa madala. Gawo loyamba linatha bwinobwino. Mkati mwa gawo lachiwiri anagwidwa paphewa ndi a Imrich, mkulu wa alonda a pabwalo, amenenso ndi mchimwene wa a Viera.

"Alamu, bwezani foniyo m'thumba."

"Ndikujambulira madala a pachitunda, si wailesi iyi."

"Khoti silinanene kuti kupatula madala. Anthu a ligi ali pamwamba apo, akukuonani. Mukufuna ntchito ithere ine?"

"Inu ntchito yanu n'chiyani, kulondera ayezi kuti asathawe?"

A Imrich sanaseke. Anawagwira mkono n'kuwaperekeza mpaka panja, anthu akukuwiza a Imrich.

A Draho anafika pamalo panga. Foni inalira. Anali namwino, kunena kuti madala akumenyetsa ndodo pansi, akufuna kudziwa chimene chachitika. Nthawi yomweyo mkati munaphulika phokoso. A Draho anandiyang'ana, ndipo ine ndinasiya masoseji pamoto n'kukasuzumira pachitseko. Ndinkawakuwira zimene ndikuona, iwo n'kumafotokozera pa foni, akuyendayenda pachipale chofewa, akuwonjezera zimene ine sindinanene: amene wapatsira, amene wagwa, mmene goloboyi wadziponyera. Osewerawo ankawadziwa ngati ana awo, moti zambiri ankalondola. Tinagonja ndi chigoli chimodzi, ndipo masoseji onse anapserera.

Mlandu unatha nyengo yachisanu ikutha. Kampani ya pa intaneti inapambana, ndipo a Draho anameta ndevu n'kumadikira kuitanidwa. M'malo mwake kunabwera amisiri amene anamangirira makamera kudenga la bwalo, otsatira masewero okha popanda munthu. Ku nyumba ya okalamba anachita kudikira mdzukulu wa wina kuti awalumikizire kanema ku intaneti.

A Draho ndi a Imrich sanalankhulane mpaka pa Isitala, pamene a Viera anawakhazika patebulo limodzi n'kunena kuti aliyense wodzuka asanamalize kudya asadzapondenso pakhomo pawo. Anadya, ngakhale kuti nkhani zinali za nyengo basi.

Masiku ano a Draho amajambula maukwati ndi alendo otsetsereka m'mapiri. Akuti ntchito ya ukwati imawatopetsa chifukwa anthu ake amayenda pang'onopang'ono. Kubwalo anasiya kulowa, koma tsiku la masewero amadutsa pagalimoto kangapo. Mwezi watha anaima n'kundiuza kuti amva zoti ligi ina ya ku Poland ikufunabe anthu ojambula, ndipo awalembera kale. A Viera akuti iwo sasamuka. Nditawafunsa a Draho kuti nanga a ku Poland akawayankha atani, anati aona konko, n'kuliza galimoto.