Tsiku Limene Makhadi Anga Anafumbwa

Amai anga anali ndi mdani mmodzi pa dziko lino, ndipo sanali munthu. Anali nankafumbwe. Udaniwo anachoka nawo kwathu kummawa, pamene atate anapeza ntchito ku fakitale ya nsalu nkutiitanitsa ku Kafue. Ku komboni yathu ya Nangongwe tinalibe nkhokwe, tinali ndi thumba la chimanga kuseri kwa chitseko ndi nyemba za m'chitini, koma amai ankazilondera ngati katundu wa boma. Akangoona kabowo pa nyemba imodzi, basi, zonse panja. Kuyanika, kupeta, kuthira phulusa, kwinaku akutukwana tizilomboto ndi makolo ake omwe.

Ine ndinali mwana wawo wamkazi amene anapita ku yunivesite ku Lusaka. Zinali zaka zija mafakitale a ku Kafue akufuka utsi tsiku lonse, aliyense wovala ovolosi akuyenda ngati dziko ndi lake, poti linali litakhaladi lake. Ndinkaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ndiye taganizani kulongosola zimenezo ku Nangongwe! Atate anangotolapo liwu limodzi, loti injiniya, nkumauza anzawo kuntchito. Ndikabwera pa tchuthi ndinkapeza mawailesi akufa akundidikira pakhonde, tsiku lina mpaka chitofu cha palafini. Ndikanena kuti sindikonza zoterozo, eni ake ankachoka akung'ung'udza kuti sukulu yandipatsa matama.

Amai okha ndi amene ankafunsa mofuna kumvetsa.

"Kodi iwe, kumeneko umachita chiyani kwenikweni?"

"Timauza makina zochita, amai."

"Amamva?"

"Akafuna."

"Oo, ndiye ali ngati atate ako."

Kompyuta ya masiku amenewo inali ndi chipinda chakechake chozizira, ife ophunzira tinkangoionera pagalasi. Ukafuna kuiuza kanthu, unkakhala pa makina ena okhala ngati taipi, nkulemba mzere umodzi, makinawo nkuboola timabowo pa khadi la pepala lolimba. Mzere umodzi, khadi limodzi. Pulogalamu yonse inali mulu wa makhadi, ndipo lililonse linali ndi malo ake. Ukasinthanitsa awiri okha, kompyuta inkakubwezera zamisala. Makina oboolerawo anali ochepa, ife tili gulu, moti malo unkachita kulembetseratu, mzere wake kuposa wa kuchigayo.

Chaka chimenecho tinapatsidwa ntchito yaikulu. Aliyense alembe pulogalamu yake, ndipo amene yake ikane kuyenda abwereze chaka chonse. Yanga inali yokonza nthawi za sitima pa njanji imodzi, kuti ziwiri zisakumane pa mlatho wa Kafue. Ndinaisankha chifukwa ndinakula ndikumva kulira kwa sitima zimenezo. Ndinaboola makhadi kwa miyezi mpaka anadzaza bokosi lalitali, ndipo pulogalamu inali itayamba kuyenda bwinobwino. Tsiku lopereka linali Lachisanu lotsatira tchuthi cha ufulu.

Bokosilo sindikanalisiya ku hositelo, poti mnzanga wogona naye chipinda ankakhazika kapu ya tiyi pa chilichonse chimene chili chafulati. Ndinalifungatira m'basi mpaka kunyumba nkulilowetsa pansi pa bedi. Ndinati kwa amai ako ndiye kosungika zinthu.

Tsiku la ufulu m'mamawa, ine ndi atate tinapalasa njinga kupita ku Chanyanya kukagula nsomba kwa asodzi. Panjira atate anandifunsa za bokosi lija, ndipo ndinawalongosolera zonse, za timabowo ndi za malo a khadi lililonse. Anagwedeza mutu nkuti nawonso kufakitale ulusi umodzi ukasokera nsalu yonse imatayidwa. Tinabwerako dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, nsomba zaziwisi pa njinga ya atate, zouma pa yanga.

Choyamba kuchiona chinali nkhuku ya a neba, ikuyenda monyada pa chinthu chotuwa. Kenako ndinaona bwalo lonse. Pa mphasa, pa thumba loyala, pa denga la khola la nkhuku, makhadi anga anali mbwee padzuwa, onse atathiridwa phulusa. Amai anali atakhala pakati, miyendo atatambasula, akupeta ena m'lichero.

"Mwana iwe, ukanalira lero!" anafuula atangondiona. "Ndimasesa pansi pa bedi, ndangoona tiufa tikugwa m'bokosi lako. Kutsegula, mayo ine! Onse afumbwa. Abwino ndi awa okha."

Anatulutsa kampango m'chiuno nkukamasula mosamala. Munali makhadi ochepa osaboola, aja ndinkasungira pokonza zolakwa. Tiufa timene ankanenato tinali tinyenyeswa ta pepala totsalira poboola.

Ntchito anaigwira mwaluso, zimenezo ndisawanamizire. Ofumbwa pang'ono anawaika mbali yawo, ofumbwa kwambiri mbali yawo. Ndinayang'ana milu ija nkuona kuti ikuchepa.

"Nanga ena, amai?"

"Aja otheratu ndayatsira mbaula. Akanapatsira anzawo."

Ine mkwiyo wanga umadziwika, ndipo ndinautengera kwa amai omwewo. Mawu anali kale pakamwa, Chinyanja ndi Chingerezi zikulimbirana potulukira. Miyezi yonse ija, chaka changa chonse, nkhuku ikuchipondaponda! Atate anatsamiritsa njinga pakhoma pang'onopang'ono nkuyamba kuyang'ana mitambo imene kunalibe.

Ndisanatsegule pakamwa, amai anaika lichero pansi nkupukuta manja pa chitenje.

"Kuyambira pamene unayamba kuwerenga Chingerezi sunandifunsepo kanthu ka sukulu," anatero. "Ndinkangokuona uli pa mabuku, ine changa nkukutenthetsera madzi osamba. Lero ndiye Mulungu wandipatsa ntchito yoidziwa."

Anaseka, mano onse panja, phulusa lili m'tsitsi ndi m'nsidze. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotero, ngakhale tsiku limene kunabwera kalata yondiitana ku yunivesite, poti tsiku limenelo anangolira. Mawu aja anabwerera okha kumene amachokera. Mtima unandiwawa, ndipo ndinawakonda amai anga mpaka kufuna kulira, ukali uli pomwepo osachoka. Ndinagwada pafupi ndi mphasa nkuomba m'manja.

"Zikomo amai. Mwagwira ntchito."

Atate anatsamwa ndi malovu awo omwe, nkupita kukatsokomolera kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira ngati ndikukatsitsa nsomba.

"Aonongeka angati?" anandinong'oneza.

"Onse, atate."

"Usawauze."

"Ndikudziwa."

Pomwepo mai wa nyumba yoyandikana nafe, wa Chibemba, anasuzumira pa mpanda atanyamula makhadi m'manja. "Shani, ba injiniya? Njuga zanu zagwera mu repu yanga." Atate anapita kukatola otsala m'dimba mwake, akupepesa khadi lililonse. Ine ndinafuna kuyamba kulongedza, koma amai anakana kwamtuwagalu. Akuti dzuwa linali lisanamalize ntchito yake, tizilomboto timabisala. Ndinakhala pamenepo ndikuingitsa nkhuku pa digiri yanga mpaka mthunzi unafika pa mphasa.

M'mawa mwake ndinakwera basi yoyamba, nditawauza amai kuti ntchito yachuluka, zomwe zinali zoona. Bokosi analongedza okha, nkuwazamo phulusa lina losefa bwino la panjira. Anandimangiranso nsomba zouma zonse za ku Chanyanya zija, akuti mutu wophunzira umafuna ndiwo.

Ku hositelo ndinakankhira mabedi kukhoma nkuyala makhadi pansi. Mwayi wake, pamwamba pa khadi lililonse makina ankasindikiza mzere wake m'timalemba tating'ono. Ndinkanyamula limodzi, kuliuzira, kuyetsemula, kuwerenga, nkuyesa kukumbukira mnzake womutsatira. Mnzanga wa tiyi uja analowa, nkuyang'ana, nkutuluka osafunsa kanthu. Pamene ndinamaliza kusanja m'pamene ndinaona bwino zimene mbaula inadya. Makhadi a mabowo ambiri anali a mizere yaitali, ija yowerengera nthawi imene sitima ifike pa mlatho. Amai anasankha mtima weniweni wa pulogalamu. Imeneyo ndinailembanso kuchokera m'mutu, ndikudzitukwana kuti bwanji sindinabadwe wokonda uphunzitsi ngati atsikana anzanga.

Nditapita nawo pa windo la chipinda cha kompyuta, bambo woyendetsa makinawo anatenga khadi limodzi, nkuliuzira, nkulinunkhiza.

"Mumaotchera chimanga pa makhadi amenewa, mai?"

"Ndi nkhani yaitali, bambo."

"Kaya italike bwanji, koma awa m'makina anga salowa. Phulusa ili likatseka makina, tonse tipita kwathu."

Ndiye kuti ndinayenera kuboolanso onse, kuyambira loyamba. Kukayang'ana pa makina oboolera, malo onse a sabata imeneyo anali atatengedwa, poti aliyense anali pa liwiro lomwelo la Lachisanu. Ndinapempha, ndinachonderera, wina mpaka ndinamutchula achimwene pamene sindinkamupatsa ndi moni womwe. Palibe anasuntha. Kenako ndinakumbukira phukusi la nsomba lija. Amene sanadye nyemba za ku hositelo mwezi wathunthu sangamvetse mphamvu ya nsomba youma ya mu Kafue. Ndinangolimasula pakhomo la chipinda choboolera, fungo nkugwira ntchito yake. Anyamata amene ankati mtsikana pa kompyuta akutaya nthawi anayamba kudzuka pa mipando okha, aliyense nsomba yake m'manja, akundifunira mafuno abwino.

Ndinaboola mpaka zala kuuma. Makhadi ukapereka pa windo, yankho unkalitenga mawa lake pa pepala lalikulu. Yankho loyamba linati sitima ziwiri zagundana pakati pa mlatho. Ndinakonza nkuperekanso. Lachiwiri linati sitima ya ku Livingstone yafika pa Kafue isananyamuke. Anzanga anaseka mpaka kugwirana, ine ayi. Linali Lachinayi, nsomba zitatha, ndipo mwayi unatsala umodzi wokha. Ndinaganiza zopita kwa mphunzitsi wathu kukamuuza zonse kuti andionjezere masiku, koma nkhani yotero ku yunivesite siikhala malo amodzi. Ikanakwera basi ndi ana a ku Kafue anzanga nkukafika ku mpopi wa ku Nangongwe ine ndisanafike, amai nkusanduka choseketsa cha komboni yonse. Ndinakhala pansi nkuyambanso kufufuza mzere ndi mzere.

Lachisanu ndinaima pa windo. Bambo uja anandipatsa pepala osandiyang'ana. Sitima zonse zinadutsa pa mlatho popanda kugundana. Imodzi yokha, ya katundu, inaima pa siteshoni ya Kafue kuyambira m'mawa mpaka tsiku kutha, osanyamuka. Nthawi yokonza inali itatha, ndinapereka momwemo.

Mphunzitsi anaika chala pa sitima imeneyo nkundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iyi ikuchita chiyani pa Kafue tsiku lonse?"

"Ikudikira, bwana. Za katundu kwathu zimatero."

Anayesa kudzigwira kuti asaseke, koma phewa linamuulula. Anandipatsa malikesi otsikitsitsa amene munthu angakhoze nawo, pamene pulogalamu yoyamba ija ikanandiika pamwamba pa kalasi. Koma chaka sindinabwereze.

Nditabwerera kunyumba potseka sukulu, amai ndinawapeza ku mpopi ndi azimai a mumzere mwathu, atate akubwera pambuyo panga ndi sutikesi. Amai anasiya ndowa ikusefukira.

"Wakhoza?"

"Ndakhoza, amai."

Nthungululu yawo inamveka mpaka kumsika. Kenako anatembenukira kwa anzawo aja, manja m'chiuno, nkuyamba kuwafotokozera kuyambira pa tsache mpaka pa mbaula, mmene anapezera maphunziro a mwana wawo akudyedwa pansi pa bedi, anthu ophunzira onse a ku Lusaka osaona kanthu. Mai wina anapotoza pakamwa, akuti iye sanamvepo kuti nankafumbwe amadya mapepala. Amai anandikoka pa mkono nkundiimika patsogolo pa onse.

"Auze wekha, angati ndikunama."

Atate anaika sutikesi pansi. Azimai onse anandiyang'ana, madzi akungotayika pa ndowa.

"Ndi zoona," ndinatero. "Digiri imeneyi amai aigwirira ntchito ndi manja awo."

Amai anatembenukira kwa ine. Anandigwira dzanja mwamphamvu, lawo lili lonyowa ndi lozizira, ndipo sanalisiye mpaka tinakalowa m'nyumba.