Wotchi ya malume sinafe, inangokomoka

Lachiwiri malume anga, a Ngozo, anafika pabenchi yanga yokonzera mafoni pa Nsipe nkhope ili ngati abwera kudzanena maliro. Anamasula kampango n'kutulutsa wotchi. Mukuzikumbuka zija za manambala, za mabatani anayi, zolira kuti tii-tii? Iyi anabwera nayo kuchokera ku Joni mayi anga akusewerabe fulaye.

"Mphwanga, yathima."

Musaseke. Kuchigwa kwawoko madzi othirira mpunga amapatsana maola awiriawiri, ndipo woweruza ndi wotchi imeneyi. Foni saikhulupirira, akuti mwini wake atha kubweza nthawi dzanja lili m'thumba. Koma ya malumeyi, ngakhale eni akewo sadziwa kuisintha. Itathima, anthu anayamba kulozana ndi makasu, komiti ya madzi n'kunena kuti likafika Lachisanu isakuyenda, udindo upita kwa wina. Munthu zaka zonsezi akutchedwa a Nthawi, abwerere kukhala a Ngozo wamba?

Anali atasintha kale mabatire atatu. Anaiyanika padzuwa. Anaikwirira m'thumba la mpunga masiku awiri. Okonza awiri anangoigwedeza pakhutu n'kuti, "Madala, gulani ina." Wotchi ya batire kuigwedeza pakhutu, ukufuna umve chiyani?

Ine ndinatsegula. M'katimo thukuta la zaka makumi anayi linali litachita ndere, moti mukanabzala mbatata ikanamera. Ndinapala ndi singano, n'kupukuta ndi sipiliti. Kenaka kasipuling'i kolizira alamu, kochepa ngati nsidze ya udzudzu, kanadumpha. Ndikulumbira, kanawoloka msewu wa M1 n'kubwerera. Amayi a tomato anasiya malonda n'kugwada nafe kusaka, mpaka ndinakakoka ndi maginito a sipika.

Batire yatsopano ndaika, galasi lili zii.

"Basi, tseka, usavutike," anatero malume, akupinda kampango kawo.

"Dekhani, malume."

Wotchi zakalezi zili ndi kadontho m'kati kolembedwa AC. Ukasintha batire uyenera kulumikiza kadonthoko ndi msana wa batire, apo ayi imangogona. Ndinapinda pini, n'kukhudza. Manambala phethi, phethi.

Malume anatembenukira kwa ine. "Iwe, sukulu unathawa ija, izi unaziphunzira kuti?"

Nthawi yake ndinatengera pafoni yanga, koma zimenezo musakauze komiti.

Lachisanu madzi anayenda mwamtendere, a Nthawi ali pamgula dzanja lili m'mwamba kuti aliyense aone. Ine kuno ndikuyenda chifuwa chili patsogolo, pakhomo ndikuchita kulowa cham'mbali.

Koma abale, tinayamba liti kufulumira kunena kuti chinthu chafa? Chikangothima, kudzala. Tithamangira chatsopano chonyezimira, choti chikawona mvula pa TV chayamba kale dzimbiri. Pajatu mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Wailesi ija munapatsa ana kuti aziikoka ngati galimoto, munaitsegulako n'komwe?