Laputopu Inkangoyambiranso, Ine Ndinabaya Msuweni Wanga

Inu owerenga, ine ndinalumaza msuweni wanga chifukwa cha kafulashi kochepa ngati chala. Tsiku limenelo sindinamwe mowa, chamba sindisuta, ndipo panalibe za mkazi. Unali ukali basi, ukali ndi manyazi oopa kufunsa. Ndikulemba izi kuti anyamata anzanga amene mukuphunzira ntchito zamanja muone pamene ine ndinagwera.

Sukulu ndinasiyira Fomu 1 kwathu ku Chisenga, nditamenya mnzanga ndi mpini wa khasu pa nkhani ya mpira. Amayi atatopa nane ananditumiza ku boma la Chitipa kwa amalume, a Msukwa, amene ali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta kufupi ndi msika. Mwana wawo Lusekelo ndi wamsinkhu wanga. Iye anali katswiri pa mafoni, manja ake ankawotcherera tinthu tating'ono ngati nyerere osanjenjemera n'komwe. Paja msuweni, kuno timati muvyala, ndi munthu wonyozana naye, ndiye Lusekelo sankandipatsa mpata. Dzina langa kwa iye linali "Fundi wa Fomu 1", ndiye kuti mmisiri wosaphunzira. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Patatha chaka ndikupukuta fumbi ndi kumasula masikulu, amalume ananyamuka kukaoda zipangizo ku Tunduma, kutsidya kwa malire. Pochoka anandiuza poyera kuti ntchito za makompyuta sabata imeneyo ndi zanga. Ndikagwira bwino, tebulo la makompyuta likhala langa mpaka kalekale. Ndikalephera, ndibwerere ku Chisenga ndikalime, chifukwa shopu si malo osungirako alendo.

Lachitatu m'mawa kunabwera amayi ena aphunzitsi, ochokera ku Ntcheu koma ogwira ntchito ku Nthalire. Laputopu yawo inkafunika kuikamo sisitimu yatsopano, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse. Anandipempha kuti ndifulumire chifukwa lole ya ku Nthalire inkanyamuka 2 koloko, ndipo ikakusiya ndiye kuti wagona pa boma. Ndinawayankha modzitama kuti ndi kantchito ka ola limodzi. Chilungamo chake n'chakuti ndinali ndisanaikepo sisitimu ndekha chiyambire. Ndinkangoonerera amalume.

Lusekelo ndi amene anali atakonza fulashi ya sisitimu dzulo lake. Anandiponyera n'kunyamuka kukapereka foni ya anamwino ena ku chipatala. Ndinalumikiza fulashi ija, ndinalowa m'kati mwa makina n'kusintha kuti laputopu iziyambira pa fulashi, monga ndinkaonera. Zonse zinayenda bwino. Manambala anakwera pang'onopang'ono mpaka kudzaza. Kenako panabwera timawu ta Chingerezi timene sindinavutike n'kuwerenga, sikirini inada bii, laputopu inazima n'kuyakanso yokha. Itayaka inandibwezera poyambirira penipeni, posankha chilankhulo paja, ngati palibe chimene ndachita.

Ndinati mwina yatentha. Ndinaitsegula pansi, ndinauzira fani mpaka fumbi la msewu wa ku Nthalire linandidzaza m'mphuno, ndinaikhazika pa timatabwa kuti izipuma. Ndinayambiranso. Theka la ola linatha, inazimanso pamalo omwe aja. Ndinazula ramu, kachipangizo kothandiza kompyuta kukumbukira, n'kuipukuta ndi labala, ndinasintha chaja, ndinasuntha fulashi kuibaya mbali ina. Kachitatu, chimodzimodzi. Aphunzitsi aja anayamba kuyang'ana wotchi. Anandifunsa mwaulemu ngati sikukanakhala bwino kuimbira foni mwini shopu. Mawu amenewo anandilasa ngati munga. Foni ndinali nayo m'thumba, mayunitsi analimo, koma ndinaona ngati kuimba ndiye kudzilembera ndekha kalata yobwerera ku Chisenga.

Apa m'pamene maganizo oipa anandilowa. Ndinayamba kudziuza kuti Lusekelo waononga fulashi dala. Ndinati safuna kuti ndikhale ndi tebulo m'shopu ya bambo ake, n'chifukwa chake wathawira ku chipatala kuti ndiyaluke ndekha. Umboni ndinalibe, koma mtima ukatentha sufuna umboni.

Anabwerako nthawi itapitirira 1 koloko, ine ndili pa ulendo wachinayi, thukuta lili kamukamu, sikuludalaiva ili m'manja. Anapereka moni kwa aphunzitsi, kenako anaima kumbuyo kwanga n'kuyang'ana sikirini. Aphunzitsi atamufotokozera zimene zinkachitika, Lusekelo anaseka mpaka kugwira khoma.

"A Fundi wa Fomu 1, chiyambire m'mawa mukungozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe?"

"Wandipatsa fulashi yowola iwe," ndinatero.

"Yowola ndi mutu wakowo, muvyala. Tangodikira uone."

Anadikira mpaka manambala anadzaza. Sikirini itangoda, anatambasula dzanja lamanja mwachangu n'kuzula fulashi ija. Ine ndinaona ngati akubisa umboni. Inu owerenga, sindinaganize kanthu. Ndinakweza sikuludalaiva ndi mphamvu zanga zonse n'kumubaya pamsana pa dzanja. Inapyola mpaka kukhomera m'thabwa la tebulo. Kukuwa kwake ndimakumvabe. Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinaizula, ndinamumenya chibakera kukamwa, anagwera pa shelefu ya mafoni a anthu, ndinamupondanso m'nthiti kawiri. Magazi anathovukira pa chitenje cha aphunzitsi aja, iwo akukuwa kuitana anthu.

Anyamata a njinga zamoto amene amaima panja analowa. Anandimenya ndi zipewa zawo zolimba zija, wina ananditchola dzino, kenako anandipanikiza pansi bondo lili pakhosi. Ndili chigonere choncho, maso anga anagwera pa tebulo. Laputopu ija inali itayaka. Sinabwererenso poyambirira ayi, inkapitiriza yokha bwinobwino kumalizitsa sisitimu. Fulashi inali m'dzanja la Lusekelo, yonyowa ndi magazi.

Zimene zinkachitika anandifotokozera amalume kudzera pa zitsulo za chitolokosi cha apolisi, atabwerako. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati sisitimu ikamalowa, kompyuta imayenera kuzima n'kuyakanso yokha, mwina kangapo, ndipo timawu ta Chingerezi tija tinkandiuza zomwezo. Popeza ndinaiuza kuti iziyambira pa fulashi, ikayaka inkapeza fulashi ili pompo n'kuyamba ntchito yonse mwatsopano. Mankhwala ake kunali kuzula fulashi pa kuzima koyamba kuja, kapena kubweza kuti iziyambira pa hadi disiki, mosungira zinthu mwa kompyutayo. Laputopu inalibe vuto, fulashi inalibe vuto. Anamaliza ndi funso limodzi, lakuti foni yanga inali kuti tsiku lonselo.

Khoti linandipeza wolakwa pa mlandu wovulaza munthu ndipo ndinakagwira ukaidi. Za kundende sindinena zambiri, chifukwa ine ndinatuluka, koma dzanja la Lusekelo silinabwerere. Mitsempha inaduka. Zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zinauma, sizipinda. Munthu amene ankawotcherera tinthu tosaoneka ndi maso lero sangagwire bwino ngakhale cholembera. Amakhala pakhomo pa shopu kugulitsa machaja ndi zikwama za mafoni, ndipo pa tebulo lake amalume analembapo munthu wachilendo. Amayi anga ndi amalume, anthu a bere limodzi, anatha nthawi yaitali osayenderana. Akuluakulu a kubanja anatikhazika pansi, ndinagwada n'kupepesa pamaso pa onse. Lusekelo anati wandikhululukira, n'kundipatsa dzanja lamanzere. Chiyambire tsiku limenelo sanandinyozenso. Akandiona amandipatsa moni waulemu ngati mlendo, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa dzino lija.

Panopa ndili ku Chisenga, ndikulima chimanga ndi nyemba. Nthawi zina aphunzitsi a kuno akamva kuti ndinagwirako za makompyuta amandibweretsera, koma ndimawauza kuti apite nazo ku boma.

Anyamata anzanga, kompyuta ikamazima yokha pamene mukuika sisitimu, musathamangire kusaka mfiti. Yang'anani pamene ikuzimira. Ikamazima pamalo amodzimodzi manambala atadzaza, n'kukubwezerani poyambirira, zulani fulashi muone. Ikamazima paliponse mosasankha, pamenepo ndiye muganizire za kutentha, ramu, chaja kapena magetsi, ndipo muziyesa chimodzichimodzi. Mawu a pa sikirini akakukanikani, itanani wodziwa kuwerenga, ngakhale kasitomala yemweyo. Aphunzitsi aja anakhala pambali panga maola anayi, Chingerezi chili pakamwa, ine osawafunsa.

Koma chachikulu ndi ichi. Ngati mumadziwa kuti mtima wanu ndi wapachala ngati wanga, mukamva kutentha m'mutu ikani chitsulo pansi, tulukani panja. Kunena kuti "sindikudziwa" kukanandichititsa manyazi mphindi imodzi yokha, ndipo msuweni wanga akanandiseka sabata yathunthu. Lero ndikanapereka munda wonse wa amayi kuti andisekenso kamodzi kokha.