Ozella ndi Nyumba ya Lona

Alamu anga a Ozella Tarpley ayendetsa basi ya ana a sukulu zaka 26, ndipo zaka zonsezo akhala m'nyumba za lendi. Mwamuna wawo, mkulu wanga, anamwalira akulonjezabe kuti chaka chamawa agula yawoyawo. Ine ndine Alton. Kwathu amati ndili ndi pakamwa, koma za mayi ameneyu ndilekeni ndinene, chifukwa mpaka lero ndikazikumbukira mtima umandidumpha.

Kuno ku Georgia mitengo ya nyumba yapenga. Makampani akutali, oti m'tauni mwathu sanapondemo n'komwe, akugula nyumba msewu wonse n'kumachititsa lendi. Imene ankakhala alamu nayo inagulidwa, kalata n'kubwera yoti pofika Seputembala lendi ikwera ndi madola 500. Pa malipiro a woyendetsa basi, kumeneko kunali kuthamangitsidwa.

Ndiye tsiku lina anandiuza kuti akupita ku okushoni. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, pa masitepe a khoti la boma lathu, amagulitsa nyumba zimene mabanki alanda. Umalipira pomwepo ndi macheke a ku banki, ndipo m'katimo suloledwa kusuzumiramo mpaka nyumbayo itakhala yako. Kani alamu anali akupitako zaka zitatu, miyezi ya tchuthi yokhayokha, kukangoima n'kumaonerera mmene anthu amachitira.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino?" ndinawafunsa. "Ndalama za moyo wanu wonse mukaponye pa nyumba yoti simunalowemo?"

"Iwe udzandigwirire ambulera," anatero. "Zoganiza undisiyire."

Kenako anakandionetsa nyumbayo. Inali ya malemu a Gaither, mkulu wina amene anamwalira wopanda woisiyira. Ziyangoyango zinali zitakwera mpaka pamazenera, udzu wofika m'chiuno, padenga lona wabuluu wong'ambika akungopepeluka. Ogula akuluakulu amatuma munthu kukajambula nyumba ali m'galimoto pamsewu, ndipo akaona lona padenga amangoti m'katimo munavunda ndi mvula. Koma mpando wa dalaivala wa basi uli m'mwamba. Kawiri pa tsiku, zaka khumi ndi chimodzi, alamu ankaima pakona imeneyo kudikira ana, maso akudutsa pamwamba pa mpanda. Anaona a Gaither akufolera denga latsopano, anaonanso tsiku limene nthambi inagwera pakhonde.

"Lonayo waphimba khonde lokha," anandiuza. "Kumbuyoko denga ndi lanyuwani. Ndipo ukakaulula kometa tsitsi, ndikuthyola miyendo."

Ndinasunga chinsinsi milungu itatu, ine amene.

Lachiwiri la mu Julaye tinafika dzuwa likuswa mtengo. Pamasitepe anthu anali pikitipikiti, ena ndi mipando yopinda, ena ndi mabokosi a madzi ozizira. Otumidwa ndi maloya a mabanki amaima aliyense pake n'kumawerenga nthawi imodzi, mothamanga, chapansipansi, ndipo dzina la msewu limamira m'manambala a mapuloti. Ukayang'ana kumbali, nyumba yapita. Alamu nambala ya puloti yawo anali ataiimba m'mutu ngati nyimbo ya kwaya. M'chikwama munali macheke a madola 74,000. Kupitirira pamenepo panalibe ngakhale ya mafuta obwererera.

Panali bambo wina dzina lake Ledbetter, wogulira kampani ya kutali, foni ili kukhutu tsiku lonse. Atationa anaseka.

"Mayi a basi, mwabweranso kudzaonerera? Lero mwatenga ndi wogwira ambulera yemwe."

Ine magazi anawira, koma alamu anandiponda phazi. "Tangodutsa, bambo," anayankha.

Tinadikira maola anayi. Kenako mmodzi wa owerengawo, mayi wina wa magalasi, anatsegula faelo n'kuyamba kung'ung'udza nambala ya puloti ija, alamu n'kundikoka malaya. Banki inayambira pa 61,000. Anthu atatu anayang'ana chithunzi cha lona m'mafoni awo n'kutembenuka.

"Ndawonjezerapo dola imodzi," anatero alamu, mawu ali phee.

Ledbetter anacheuka. Munthu ameneyu si wopusa ayi. Mayi woonerera zaka zitatu akatsegula pakamwa, ndiye kuti pali chimene akudziwa. Ledbetter anati 65,000. Alamu anawonjezera dola imodzi. Anati 70,000. Alamu dola imodzi. Ine ambulera ndinaiiwala moti mthunzi unkagwera munthu wina. Koma nkhope ya alamu, abale inu, inali ija amayang'anira pagalasi ana makumi asanu akachita phokoso: yosakwiya, yosaseka, yosonyeza kuti nthawi ali nayo yambiri.

"Mayi, m'chikwamamo muli zingati?" anafunsa Ledbetter.

"Muli zokwana kuti mufunse," anatero alamu.

Ledbetter anati 73,500. Alamu dola imodzi. Ndinawerengera m'mutu n'kuona kuti akangonenanso kamodzi, tathedwa. Ndinachita mantha enieni, ndipo ndinayamba kuganiza za kachipinda kanga kakumbuyo, ngati bedi la alamu lingakwanemo.

Nthawi yomweyo, kumapeto ena a masitepe, wowerenga wina anayamba nyumba zitatu za njerwa, zatsopano, za kufupi ndi msewu waukulu. Gulu lonse linakhamukira uko. Foni ya Ledbetter inayamba kulalata mpaka ife tinkamva. Anayang'ana chithunzi cha lona, anayang'ana alamu, alamu n'kumayasamula.

"Tengani chibowo chanucho," anatero Ledbetter, n'kuthamangira uko mpando uli kukhwapa.

Mayi wa magalasi anafunsa katatu ngati pali wina, kenako anati yagulidwa. Ine ndinakuwa mpaka mlonda wa pakhoti anabwera kudzandikhazika pansi. Ndinavina pamasitepe a boma, bambo wa zaka 52, ambulera ili m'mwamba. Alamu anasaina mapepala mosatekeseka, koma titalowa m'galimoto anandicheukira asanalize injini.

"Usasangalale kaye," anatero. "Denga ndinaliona. Pansi sindinaonepo."

Mapepala atatuluka patapita milungu iwiri, tinapita ndi wothyola maloko. Pamene ankaboola loko, alamu anagwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa. Chitseko chitatseguka tinalandiridwa ndi fungo la nyumba yotsekedwa zaka ziwiri. Fumbi linali mbuu, makalata akale ali mbwee pansi, zitosi za mbewa paliponse. Kukhitchini akuba anali atazula mapaipi n'kusiya chibowo pakhoma.

Alamu analowa mpaka pabalaza. Anayang'ana kudenga, kunalibe dontho ngakhale limodzi. Kenako anayamba kuyenda chipinda ndi chipinda akupondaponda mwamphamvu, kumvetsera matabwa, ndipo chipinda chachitatu chisanathe kupondapondako kunali kutasanduka gule. Ankaseka misozi ikutsika, ine ndikuwatsatira m'mbuyo ndi kuwomba m'manja.

Mwadzidzidzi anaima n'kuyang'ana mapazi anga.

"Alton, vula nsapato."

"Alamu, m'fumbi lonseli?"

"Vula," anatero. "Uli m'nyumba mwanga."